Jumbo pa Thanki ya Lole

Ntchito yanga yoyamba ndinaipezera pa chigayo cha kwathu ku Chulu. Injini itakana kulira, ndinaimasula n'kuidzutsa. A Nkhoma, eni galaja ina ya pa boma, anali pomwepo kudzagayitsa, ndipo anangoti, "Ubwere Lolemba." Ine ndinapita mawa lake lomwe. Mtima wanga ndi wotero, sukhala pansi.

Nyengo ya fodya eni malole ankafuna injini zamphamvu zoti zizisenza mabelo ambiri. A Nkhoma ankatsegulako pampu yaikulu kuti izipereka dizilo wochuluka. Koma pampuyo singapereke chimene sinalandire, choncho tinkasinthanso kapampu kokoka dizilo kuthanki, kuika paipi yokulirapo ndi fyuluta yatsopano, kenako kumanga geji yoonetsa mphamvu imene dizilo akubwera nayo.

Lole ina titaikonza chonchi, a Nkhoma anandituma kuti ndiiperekeze ulendo wake woyamba. Inkakatenga fodya wa kalabu ya kwathu, ndipo mabelo a mayi anga anali momwemo. Tsiku lolandirira fodya wathu ku okushoni linali lomwelo. Kuliphonya, ndiye kudikira masabata, fodya akuuma n'kumafumbutuka.

Chivindikiro cha thanki ya loleyo anali ataba. Poopa fumbi la msewu wa ku Chulu, ndinapinda jumbo kawiri n'kuimanga pakamwa pa thanki ndi mphira ya tchubu, zolimba ndithu. Ndinadziona wanzeru.

Pobwerera, titapakira, lole inayamba kutsamwa pachitunda choyamba. Geji inagwa, injini n'kuzima. Ndinasintha fyuluta, ndinapopa ndi dzanja, ndinatulutsa mpweya m'mapaipi. Inalira. Titayenda pang'ono, zii. Ndinamasula paipi, ndinauziramo, ndinakoka dizilo ndi pakamwa mpaka lilime kuchita dzanzi. Inaliranso, n'kuzimanso. Kasanu konse. Dzuwa likupendeka, ine ndikungolowa ndi kutuluka kunsi kwa lole ngati nkhuku yofuna poikira.

A tcheyamani a kalabu anatsika pamabelo. "Mwanawe, ukudziwa chimene ukuchita, kapena ukuphunzirira pa fodya wathu?"

Manyazi anandigwira. Ndinaimbira a Nkhoma, ndipo anafika pa njinga yamoto. Sanagwire sipanala. Anayang'ana geji, anazungulira lole, n'kuima pathanki. Jumbo ija inali itabonyokera m'kati. Atadula mphira, thanki inakoka mpweya, fyuu.

"Thanki imapuma," anatero. "Chivindikiro chenicheni chimakhala ndi kabowo. Waitseka mphuno, ndiye pampu yatsopanoyi ikoke bwanji?"

Anaboola jumbo ndi msomali, lole n'kunyamuka ngati sinadwalepo. Koma ku okushoni tinapeza atasiya kulandira. Fodya anadikira masabata atatu, ndipo anapita pa mtengo wolira nawo.

A Nkhoma sanauze alimi kuti anamanga jumbo ndani. Mayi ndinakawauza ndekha, chifukwa zinkandidya mumtima. Iwo anati, "Unkafuna kuthandiza, ndamva."

Kuyambira pamenepo, galimoto ikafa sindithamangira sipanala. Ndimayamba ndadzifunsa kuti dzanja langa lagwira pati, ndipo anthu amati ndine makaniko wodekha. Chaka chotsatira ndinapita ndekha kukauza mayi kuti lole ilipo, ndiikonza bwino. Anandithokoza, koma mabelo awo anakweza lole ina.