Maneti Amene Anakana Kulavula Mpira

Ntchito yanga yoyamba ya pamwezi inandipeza imvi zitamera kale, zidzukulu zitadzaza mphasa. Moyo wonse ine ndi khasu, ine ndi thonje, ine ndi mtedza. Koma iyi, ee, inandipeza kwathu ku Nabvutika, m'tauni ya Chipata, ndikuyanika zovala. Anadutsa a Mwanza, amene amaphunzitsa anyamata basiketibo, naona mabulauzi anga a kutchalitchi ali mbee pachingwe.

"Ambuya, kuyeretsa kotereku simungatichitireko pa majezi athu?"

"Bwerani nawo, a kochi!" Basi, ndalowa ntchito, ine mwana wa kwa Banda, ndalowa!

Mpira umenewu ndinkauona ngati masewera a ana, kumenyetsa pansi du du du kenaka kuponya m'mwamba. Osadziwa kuti uli ndi ligi yake, uli ndi malamulo ake. Ligi yathu inabadwa chifukwa anyamata akamaliza sukulu ankasowa kosewera. Amalonda anagwirizana, aliyense kutenga timu yake, kuiveka ndi kulipira osewera kangachepe. Pali a ku Katete, a ku Petauke, a ku Lundazi ndi ife a Chipata. Lero mukacheza kwa anzanu, mawa anzanu adzacheza kwanu. Wopambana amlembera mapointi. Wotsalira kumchira chaka chikatha amatsika, ndipo akatsika wamalonda amabweza dzanja lake m'thumba.

Ntchito yanga inali iyi: majezi oyera osewerera pakhomo, abuluu a kuulendo, kuchapa padera m'mabafa awiri. Nsimbi ayi, imasungunula manambala. Kupopa mipira mpaka ikadumpha kufika m'chiuno. Kusesa simenti ya pabwalo. Ndipo pa masewero aakulu, kuchapa maneti awiri olendewera pa zitsulo zozungulira m'mwambamo.

Ndiye linafika tsiku, ayi tsiku! Masewero omaliza a chaka, ife ndi a ku Katete, pabwalo lathu. Tikagonja titsika, tikatsika timu itha, timu ikatha ine ndibwerera kukhasu ndi msana wanga uno.

Dzulo lake ndinachapa maneti, ndinayanika, ndinapita kukwaya. Pakhomo ndinasiya amuna anga, a Zulu, kalipentala wakale amene sanapondepo pabwalo. Iwo ankati mpira wogwira ndi manja ndi wa atsikana. M'mamawa anandidabwitsa.

"Amake Misozi, musavutitse a kochi. Ndikakupachikirani ndine, makwerero ndili nawo."

Mtima wanga unavina. Anakapachika, namanga makwerero panjinga, uyo kumudzi wakutali wa Mtenguleni kukakhoma denga la munthu.

Masana bwalo linadzaza. Anyamata anayamba kutenthetsa thupi. Yotamu, wamtali kuposa onse m'timu yathu, anaponya mpira, unalowa bwinobwino. Tidikire ugwe. Tidikire. Mpira uli phee m'neti ngati dzira m'chisa! Mbali inayo wa ku Katete anaponya wake, nawonso unakhala pomwepo. Nditayang'anitsitsa ndinaona ulusi wosokera matumba a chimanga, msoko wa a Zulu weniweni, wothina, wosadutsa ngakhale nankafumbwe. Anasoka kunsi kwa maneti onse awiri.

A ku Katete anagwa nako kuseka. "A Chipata, mwatiitanira mpira kapena kukola nsomba?"

Woyimbira masewero anali mayi wa nkhope yosaseka, wezulo ili pakhosi. "A Mwanza, lamulo la ligi mukulidziwa. Bwalo amakonza ndi eni mudzi. Mukachedwa, mapointi apita ku Katete osatuluka thukuta."

A kochi anandiyang'ana. Sanakalipe, anangoti, "Ambuya!" Liwu limodzi lokha.

Makwerero ali ku Mtenguleni. Tebulo la olemba zigoli miyendo yake ngati ya udzudzu. Mnyamata wina anati alumphe ndi mpeni, a kochi anakana, "Udzicheka, ndiseweretsa ndani?" Ena anati wina mwa osewera anzake akwere pa Yotamu. Yotamu anati, "Awa? Awa ndi matumba a simenti. Msana uno ndiusewerera lero."

Kenaka maso onse anatembenukira kwa ine, wochepa ngati mpheta.

Ndinakwinya chitenje, ndinachipisa pakati pa miyendo, ndinamanga mfundo yolimba. Lezala lodulira ulusi wa majezi ndinali nalo pampango. Kwathu kuno mdzukulu ndi mwamuna wa ambuya ake pa nthabwala, ndipo Yotamu ndi msinkhu wa zidzukulu zanga, ndiye ndinati kwa iye, "Gwada, mwamuna wanga, lero undibereka anthu akuona."

Anagwada, ndinakhala pamapewa, anadzuka. Mayo ine! Dziko linathawa pansi. Ndinaona madenga a Nabvutika, ndinaona mapiri, ndinaona dazi la a kochi limene amabisa ndi kapusi.

"Mkazi wanga, mumadya chiyani? Mphepo?"

"Khala chete, gwira miyendo! Ukandigwetsa ukwati watha!"

Mantha akandigwira ine ndimaimba. Ndinayamba, dula dula kaulusi, dula dula ka a Zulu, ndipo bwalo lonse linavomera ndi m'manja. Ulusi unaduka, mpira unatsika, pamutu pa Yotamu phwa! Anadzandira, ine ndinagwira makutu ake ngati mahandulo a njinga. Tinayenda choncho mpaka mbali inayo, ine pamwamba ngati mkwatibwi, amayi a ku Katete omwe akuimba nthungululu. Neti yachiwiri inatseguka. Mayi wa wezulo anatembenuka kubisa mano, kenaka anaimba kuti masewero ayambe.

Tinapambana movutikira, ndi mpira womaliza weniweni. Sitinatsike, ee, sitinatsike! Ine ndinavina mpaka mpango unagwa.

Madzulo a Zulu anafika akumwetulira, akudikira kuyamikidwa. Nditawafotokozera, okwiya anakhala iwowo.

"Ndiye mwamasula ntchito yanga yonse? Zinthu zinali zobooka zonse ziwiri! Inu kuchapa osaona?"

Chimene ndinatolapo ndi ichi, ana anga: wokuthandiza ntchito ayambe waiona mmene imagwiridwira, ngakhale akhale wa m'nyumba mwako. Chaka chotsatira ndinawakokera kubwalo a Zulu, ndinawakhazika kutsogolo. Tsopano saphonya masewero, amavala ndi kapusi ya timu. Koma mpira ukalowa m'neti n'kutulukira pansi, anthu onse akukuwa ndi chimwemwe, iwo amapukusa mutu n'kundinong'oneza, "Mwaona, amake Misozi? Watayikanso."