Kapepala m'Nsapato ya Kumanzere

A Makutu amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, pakati pa wometa ndi mayi wogulitsa maambulera. Dzina lawo lenileni lilipo, koma mumsewu wonsewo palibe amalidziwa. Anawatcha Makutu chifukwa ukamayankhula nawo amapendeketsa mutu, khutu limodzi kwa iwe, lina ku kawayilesi kolendewera pa msomali. Ndipo sizibisika kuti khutu labwino ndi limene lili ku kawayilesiko.

Akazi awo amati anakwatiwa ndi anthu awiri, mwamuna ndi wayilesi, ndipo pa awiriwa amene amawayankhula kwambiri ndi wayilesi.

Kagwiridwe kawo ka ntchito n'kotere. Munthu akabweretsa nsapato, iwo amaitembenuza n'kuyang'ana mmene yathera kunsi. Amaiyang'ana nthawi yaitali, ngati dokotala. Kenako amati, "Inu mumayenda ngati mwasiya mphika pamoto," kapena, "Inu mumakoka miyendo, kuntchito simukufunako." Ukabwera kudzatenga nsapato zako, umapeza kapepala kopinda bwino m'nsapato ya kumanzere. Pakapepalapo pamakhala dzina la nyimbo ndi la woimba, basi. Ukafunsa chifukwa chake kumanzere, amati ndi mbali ya mtima.

Sasankha mtundu wa nyimbo. Namwino wina wotopa anamulembera jazi ya lipenga lofatsa. Mkulu wa mpingo anamulembera rege, ndipo mkuluyo anakwiya sabata yathunthu mpaka atamva kuti mawu ake ndi a m'Masalimo. Mtsikana wa ku banki, wa nsapato zazitali zidendene, anamulembera nyimbo ya nkhalamba ina ya dziko lakutali, yoimba m'chinenero chimene a Makutu eni ake sachimva.

"Ndiye akuti chiyani agogowa?" anafunsa mtsikanayo.

"Kaya," anayankha, msomali uli pakamwa. "Koma akunena zoona."

Nyimbozi amazitola paliponse: pa wayilesi, m'mafoni a makasitomala, m'galimoto zodutsa. Tsiku lina anathamangira basi atanyamula nyundo m'manja, kungofuna kufunsa dalaivala dzina la nyimbo imene imalira. Anthu a m'basimo anakuwa poyesa kuti kwabwera wamisala.

Koma panali munthu mmodzi amene anawakanika: alamu awo, mkazi wa malemu akulu awo. Mayi ameneyu anaimba kwaya zaka makumi awiri. Ankaimba posesa, ankaimba pochapa, ankaimba ngakhale pokalipira ana. Amuna awo atamwalira anangoti zii. Wayilesi ya pabalaza anaifunda nsalu n'kuikapo maluwa. Kutchalitchi ankapita ndithu, koma ankakhala kumbuyo, buku la nyimbo lili chotseka pamiyendo. Zaka ziwiri zinatha choncho.

A Makutu zinkawawawa. Nyumba ya akulu awo inali yaphokoso, tsopano ukalowamo umamva wotchi. Ankaopa kuti mawu a alamu awo anatsagana ndi malemu kumanda ndipo sadzabweranso. Nsapato za mayiwo zikabwera, ankasankha mosamala nyimbo za Mulungu zofatsa, zotonthoza, za limba loyenda pang'onopang'ono. Analemba kanayi. Yankho linali limodzi: "Zikomo alamu, Mulungu akudalitseni." Ulendo wachisanu atalowetsa dzanja m'nsapato anapezamo kapepala kawo kakale, kakadali chipindire, katapondedwa mpaka kuphwatalala.

Sanagonje. Lachisanu lina anali ndi ntchito ziwiri zotuluka: nsapato zakuda za alamu awo, ndi majombo a dalaivala wa lole, munthu wamimba yake amene ankadandaula kuti tulo timamupeza pachiwongolero masana. Alamu anawalembera nyimbo yofatsa kuposa zonse, ya mayi mmodzi woimba yekha popanda chida. Dalaivala anamulembera ya dansi, ya malipenga asanu ndi ng'oma zosapuma, imene mawu ake amauza mkazi kuti avule nsapato avine mpaka simenti ing'aluke. Anapinda timapepala tiwirito n'kutiika pabondo. Nthawi yomweyo pa kawayilesi panayamba gitala imene anali asanaimvepo. Khutu labwino linapita kumeneko, manja anatsala akugwira ntchito okha.

Lolemba m'mawa lole inaima kutsidya kwa msewu, dalaivala n'kutsika akupukusa mutu.

"Mdala, ndinakulakwirani chiyani ine?"

"Bwanji, jombo yamatuka?"

"Jombo ili bwino. Nyimbo yanu ija! Ndinati ndifuna yodzutsa, inu n'kundipatsa mayi wolira yekha. Ndayenda ngati ndanyamula mazira, misozi ili chuchuchu. Apolisi a pamsewu anandiimitsa kufunsa ngati lole yawonongeka."

Wometa anaseka mpaka anasiya mutu wa munthu uli theka. A Makutu sanaseke. Singano inawagwa m'manja.

"Ngati ya mayi uja inapita kwa iwe..." Sanamalize.

"Koma sindikubwezerani," anatero dalaivala akubwerera ku lole. "Ndaimvera kakhumi. Ndinaimbira foni amayi anga, anadabwa."

Tsiku limenelo a Makutu anasoka mokhota. Malipenga asanu kwa mkazi wamasiye wa akulu awo! Avule nsapato avine! Adzati alamu awo awaseka pa chisoni chawo, ndipo chitseko chimene ankagogoda mwaulemu zaka ziwiri chidzatsekedwa ndi loko. Akazi awo atabweretsa chakudya chamasana anawafotokozera.

"Pitani mukapepese, bambo," anatero mayiwo. "Koma wayilesi muisiye kuno, ingakayankhe m'malo mwanu."

"Mwina sanawerenge. Paja sawerenga."

"Ndiye mukupempherera chimene chakhala chikukudandaulitsani zaka ziwiri?"

A Makutu anati apita mawa. Mawa litafika anati apita mkuja.

Lachitatu chakumasana, akumata soli ya nsapato ya sukulu, anaona mthunzi utaima patsogolo pawo. Anali alamu awo, chikwama m'khwapa, jumbo m'manja, nkhope yosawerengeka. A Makutu anazimitsa kawayilesi. Mayi wa maambulera anatembenuka, chifukwa chiyambire anali asanamvepo khondelo lili chete.

"Alamu, khalani apa," anatero akupukuta benchi ndi chipewa. "Ine ndinalakwitsa. Kapepala kaja sikanali kanu."

"Sikanali kanga?"

"Kanali ka dalaivala wa lole. Inu ndinakulemberani ina yabwino, yofatsa..."

"Yamaliro," anatero mayiwo akukhala. "Ngati zinayi zija."

"Munaziwerenga?"

"Ziwiri zoyamba. Alamu, chimwalirireni akulu anu aliyense amandiyankhula monong'ona. Abusa monong'ona, a kwaya monong'ona, inunso nyimbo zanu zonong'ona. Ndinayamba kuyesa kuti womwalirayo ndine."

A Makutu anangoyang'ana guluu amene ankauma pa chala.

"Kapepala aka anakapeza ndi mwana wanu wamkazi, wa akulu anu uja, popolisha nsapato Loweruka. Anafufuza nyimboyo pa foni n'kuitsegula kukhitchini, ine ndikusita. Malipenga aja atangoti pwee, ndinati zimitsa msanga, anthu amva. Iye akufunafuna pozimitsira, ndinaona phazi langa likugunda pansi lokha. Ndinalikalipira, silinamve." Anatsegula chikwama n'kutulutsa bulauzi yoyera yokhala ndi chipsera cha simbi pamsana. "Iyi mwawotcha ndinu."

"Pepani, alamu."

"Akulu anu ankavina moipa, mukudziwa inu. Ngati munthu amene akupha nyerere. Ndinawakumbukira akuvina, ndinaseka, kenako ndinalira, kenako ndinauza mwana kuti aibwereze. Zaka ziwiri ndakhala ndikuwakumbukira ali pabedi la kuchipatala pokha." Anapinda bulauzi ija pang'onopang'ono. "Lamulungu ndinatsegula buku. Vesi limodzi lokha, musayambe kulengeza mumsewu."

"Ine? Pakamwa panga pali misomali."

Mayiwo anamasula jumbo n'kuika nsapato zofiirira patebulo. A Makutu anazitembenuza. Soli inali yatsopano, ulusi wonse uli m'malo, ngakhale fumbi linali lisanazizolowere. Anaziyang'ana nthawi yaitali, ngati dokotala.

"Zawonongeka kwambiri izi," anatero. "Makamaka ya kumanzere. Mubwere mawa."

"Ndibwera. Koma za dalaivala zomwezo, alamu, osati zanga."

Atanyamuka, a Makutu anayatsa kawayilesi, n'kung'amba kapepala pa katoni ya misomali. Anayamba kulemba, anafufuta, analembanso. Wometa anasuzumira.

"Mdala, imeneyo si ija ya achinyamata oyankhula mothamanga?"

"Ayi, iyo ndi ya sabata yamawa," anatero a Makutu akupinda kapepala. "Munthu wodwala sumupatsa mankhwala onse tsiku limodzi."