Mkazi Amene Anadwalitsa Dzira

Dzina loti Dzira anamupatsa ndi anzake a kusukulu, poona mmene amayi ake ankamusungira. Anabadwa ndi magazi osagwirana. Kungokalika pang'ono, magazi chuchuchu tsiku lonse. Kugunda bondo patebulo, bondolo n'kutupa ngati dzungu. Mpira ankaonera pawindo. Ngakhale ntchito yokonza mawotchi anamusankhira ndi amayi akewo, poti mawotchi saluma.

Ali mwana, kuchipatala ankamupatsa mankhwala opangidwa kuchokera ku magazi a anthu ena. Amayi ake, munthu woopa ngakhale kupha nkhuku, anaphunzira kumubaya okha jakisoni pamtsempha kuti asamaime pamzere mwana akukha magazi. Ankanyadira zimenezi. "Manja awa," ankatero powatambasulira alendo, "ndi amene amusunga mwanayu."

Atapitirira zaka makumi awiri, Dzira anayamba kuwonda ndi kutsokomola. Dokotala anamupeza ndi HIV, nanena mosabisa kuti kachilomboko kanabwera ndi mabotolo a mankhwala aja, pakuti nthawi imeneyo magazi sankawapima bwino.

Kunyumba Dzira anangotchula matenda, za mabotolo sananene. Zotsalazo anthu anamalizitsa okha. "Kani Dzira uja ankatuluka m'chisa," ankaseka amumsewu, kunena munthu amene anali asanagwirepo ngakhale dzanja la mkazi. Zinkamupweteka, koma anangomeza.

Mlongo wake yekha ndiye ankadziwa. "Achimwene, auzeni amayi zoona. Mbiri yanu yaipa."

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti anandibaya okha? Angafe tsiku lomwelo."

Zaka zapita. Dzira amamwa mapiritsi ake, amavala kagalasi padiso n'kuwerama pakatebulo kake kodzaza timawaya. Amayi ake akalamba, koma funso lawo silikalamba.

Tsiku lina masana bondo la Dzira linatupanso. Amayi ake anabwera kushopu yake ya mawotchi ndi madzi oundana okulunga m'thaulo, nagwada pansi movutikira n'kuyamba kumuthowa.

"Mwanawe, ine ndatsala madzi amodzi," anatero. "Ndiuze dzina la mkaziyo. Ndinakusunga ndi manja awiri, iye n'kudzakuononga. Ndikufuna ndimutchule pamaso pa Mulungu, amulange."

Dzira anayang'ana zala zamakwinya zija zili pabondo pake. Mantha anamugwira kuti nkhope yake imuulula. Anagwira zalazo, nazifinya pang'ono.

"Musamutemberere, amayi," anatero. "Sankadziwa. Ndiponso ankandikonda kwambiri."