Uthenga wa Alamu Umene Sindinafikitse

Chaka chimene makuponi a feteleza anachedwa, nyamakazi inapinda zala ndi mawondo a alamu anga, aNabanda. Mankhwala ndinkakawatengera ndine. Tsiku lina tili m'chigafa cha fodya anandinong'oneza: "Mukawauzenso adokotala kuti kumusi kukuyabwa, kukutuluka zonunkha."

Kuchipatala ndinapeza kuti dokotala wake ndi bambo amene timaimba nawo kwaya. Ine, ntchembere ya ana anayi, ndinachita manyazi kutchula za kumusi. Ndinangonena za mawondo.

"Mwawauza?" anafunsa nditabwerako.

"Eya, mapiritsi ake ndi omwewa."

Anamwa mokhulupirira, mpaka tinakawagoneka kuchipatala thupi likutentha. Anachira, ndipo sanandifunsepo. Koma mpaka lero ndikamasoka fodya ndimaona manja opindika aja akuvutika kuomba, akundithokoza.