Lezala la pansi pa lilime

Ntchitoyi ndinaimva kutchalitchi ku Katondwe. Analengeza kuti kwabwera ofufuza za kakulidwe ka ubongo wa ana, ndipo akufuna munthu wodziwa Chikunda ndi Chinsenga. Ine ndinali nditatopa kugulitsa masau pamsewu, choncho sindinachedwe.

Anandiphunzitsa ndi Mayi Lungu, otsogolera gulu lathu. M'chikwama ndinkanyamula tepi yoyezera mutu, kabelu, timatabwa tosanjikiza ndi kabotolo kouluzira thovu. Mwana timamukhazika pamphasa, mayi ake n'kumuitana dzina ali kumbuyo, ife n'kuona ngati acheuka. Kenako timauluza thovu kuti tione ngati aloza ndi chala, kapena ayang'ana amake kuti nawonso aone. Mayi Lungu ankabwereza mawu amodzi: "Ise tiona chabe. Kutchula matenda ni kwa dokota."

Tsiku limene linandivuta linali ku Kavalamanja. Kunabwera Zuze, mwana wa zaka zitatu amene anali asanatulutse liwu ndi limodzi lomwe. Amake anamuitana mpaka mawu kusasa, iye osacheuka. Thovu analiona, koma analiona yekha. Ankangozunguza kathabwa pafupi ndi diso.

Titamaliza, bambo ake, msodzi wofatsa, anatulutsa lezala latsopano lili m'pepala lake. Kwathu mwana akachedwa kulankhula amati lilime lamangika, ndiye amadula kamtsempha ka pansi pake. Zuze anali atamudula kale kamodzi, bala n'kutukusira.

"Mailo tizabwezapo," anatero bamboyo, kutanthauza kuti mawa lake akamudulanso. "Paja sanadule bwino."

Ndinachita mantha, ndiponso ndinakwiya ndi lamulo lathu lija. Ndinayang'ana Mayi Lungu. Iwo anati, "Kamba nao. Lilime tingaone."

Ndinapempha amake kuti amupake shuga wonyowa pamlomo wapamwamba. Zuze anatulutsa lilime lonse, n'kunyambita mpaka kufupi ndi mphuno. Ndinauza bamboyo kuti lilime lomangika silingafike pamenepo, ndipo vuto likuoneka kuti lili m'mene ubongo wa mwanayo ukukulira. Ndinaganiza kuti asangalala.

Sanasangalale. Anayang'ana lezala lija, n'kundifunsa motsitsa mawu: "Manje, ba sista, tidule pati?"

Sanafunse mwankhanza ayi. Anali bambo amene wangolandidwa chinthu chimodzi chokha chimene ankadziwa kuchitira mwana wake. 

Mayi Lungu ndiwo anagwada pamphasa. Anauza bamboyo tsiku loti apite ndi mwanayo kwa dokotala, kenako anamuonetsa kukhala maso ndi maso ndi Zuze, kutsanzira zimene mwanayo akuchita, ndi kudikira osamukakamiza. Bamboyo anaika lezala pansi, n'kutola kathabwa. Anakazunguza pafupi ndi diso lake, mwamanyazi, anzake asodzi akuonerera. Zuze sanalankhule, koma anasiya kake n'kuyang'ana ka bambo ake.

Sindikudziwa ngati Zuze anadzalankhula. Koma kuyambira tsikulo, sindichotsa chinthu m'manja mwa kholo ndisanapeze china choikamo.