Ndinachotsa mpando wanga pa njati ya mkazi wanga

Inu owerenga, ine ndinalakwira mkazi wanga pa chinthu chimene ambiri a inu muchiseka. Sindinamuyende njomba, sindinamumenye, sindinamutukwane. Ndinangosintha luso limodzi la njati yake ya mu gemu ya pafoni, njati yoti sungayikame kapena kuyimanga pa ngolo. Sekani ndithu, nanenso ndikanamva kwa wina ndikanaseka. Koma kanthu kameneka kanatsala pang'ono kundiphwasulira banja, ndipo ndikulemba kuti wina asadzapunthwe pa chitsa chomwechi.

Ndimakhala ku Chintheche, ndipo ntchito yanga ndi yokonza injini za maboti. Ondidziwa amati ndili ndi manja oyabwa, ndipo sanama. Chinthu chikamayenda pang'onopang'ono ndimaona ngati chikundiitana kuti ndichimasule. Mkazi wanga, Nyalongwe, anapita ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba monga amachitira ambiri kwathu kuno, ine n'kutsala ndi ana athu awiri. Tinasiyana mogwirizana. Chimene sitinachiganizire n'chakuti ine pafoni ndine bubu. Akaimba, ndinkafunsa za moyo, iye n'kufunsa za ana ndi za munda wa chinangwa, kenako zii, kumangomverana mpweya. Ndaona mabanja ambiri kuno akutha choncho, popanda ndewu, foni kumangofupikirafupikira mpaka kuleka kulira. Ndinkaopa kuti ifenso talowa njira yomweyo.

Gemuyo anaipeza ndi iyeyo, n'kundikakamiza kuti nane ndiyiike. Muli dziko la mapiri, mizinda ya malinga, mfiti ndi zilombo zolavula moto. Aliyense amakhala ndi msilikali wake ndi nyama imodzi yokwera popita ku nkhondo, chifukwa khola amakupatsa limodzi. Nyamayo umaitenga ili yaing'ono, umaidyetsa tsiku ndi tsiku, ndipo ikamakula umaisankhira maluso atatu. Ine ndinatenga kambuku n'kumupatsa liwiro, zikhadabo ndi kulumpha. Nyalongwe anatenga njati yonenepa, yoyenda ngati ikupita ku maliro, n'kuitcha Kondowole, dzina la nsima yathu ya chinangwa. Anaipatsa chikopa cholimba, mtima wosathawa, ndi luso lobereka. Luso lomalizali ndi la mpando wachiwiri: mnzako akavulala kapena akaima osagwedezeka, njati imamunyamula n'kumukhazika kumbuyo kwako.

Masana pa nthawi yopuma, komanso Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi, ndinkachoka kunyanja kukwera mtunda kufupi ndi msewu, pansi pa mtengo wa mango pamene netiweki imagwirako. Ndipo taonani zodabwitsa. Ine bubu uja, ndikavala mahedifoni tili paulendo wokasaka zilombo, pakamwa pankamasuka. Ndinkamuuza za injini imene yandivuta, za mwana wathu wamkulu amene wayamba kuyankha mwamwano, za amene akwatirana ku Kande. Iye ankandiuza za kuzizira kwa kumeneko ndi galu wa abwana ake amene amadya bwino kuposa ine. Tinkaseka ngati tidakali pa chibwenzi. Ndinkamukonda mkazi wanga, koma ndi mu gemumo mmene ndinaphunzira kumuuza.

Vuto linali netiweki ya kwathu. Mitambo ikangosonkhana, kapena magetsi akathima, imaduka. Ikaduka msilikali wako amangoima ngati chitsa pakati pa nkhondo, ndipo kambuku wanga, mnzanga wa pa mtendere, ankathawa. Netiweki ikabwerera ndinkadzipeza ndili pamsana pa Kondowole, kumbuyo kwa Nyalongwe, tikuyenda mwapang'onopang'ono kutuluka m'moto. Anzathu a m'gulu lathu, ambiri a iwo amuna a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu a netiweki yabwino, anandipatsa dzina. Ankati ndine Woberekedwa. Ndikalowa, wina ankafunsa ngati amayi abweretsa mbereko. Ndinkaseka nawo, koma mumtima munkawawa.

Tsiku lina Nyalongwe anandiuza kuti abwana ake aakazi achira mwana, ndipo kwa kanthawi sapeza mpata wogwira foni. Anandipatsa pasiwedi yake kuti ndizimudyetsera njati. Anangoti ndiziidyetsa basi. Mawu amenewa ndinawamva bwinobwino, sindinganamizire mahedifoni.

Masiku oyamba ndinkaidyetsa n'kutuluka. Kenako manja anayamba kuyabwa. Ndinatsegula pamene pali maluso ake ndipo ndinaona kuti pa malo a luso lobereka pakhoza kulowa luso la moto, loti njati izipuma malawi m'mphuno. Ndinakamuonetsa Che Sumani, mnzanga wa ku Mangochi amene amabwera kudzagula usipa. Iyenso amasewera gemu yomweyi podikira kuti nsomba ziume pa thandala, ndipo amaidziwa kuposa ine. Anavomera kuti njati ya chikopa chotere ikakhala ndi moto palibe angaime patsogolo pake. Kenako anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, “Koma achimwene, eni ake mwawafunsa?”

Ndinamuyankha kuti ndi mphatso, ndipo mphatso safunsa. Ndinkadziuza kuti mkazi wanga sadziwa kusankha, wangotaya malo pa luso lopanda ntchito, ndipo akadzabwera adzandithokoza. Zinali zoona pang'ono, ndinkafunadi kumusangalatsa. Koma chachikulu, ndisakunamizeni, ndinkafuna dzina la Woberekedwa life. Gemu inandichenjeza kuti luso lobereka limaphunzitsidwa nyama ili yaing'ono, ndipo likachotsedwa pa yaikulu silibwereranso. Inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinadina kuvomera. Mpando wachiwiri uja unazimiririka pamsana pa Kondowole, ndipo m'mphuno mwake munayamba kutuluka utsi. Ndinanyadira ngati ndadzutsa injini yakufa.

Nyalongwe anabwerera mu gemu Lamulungu lina masana, tsiku limene gulu lathu linali ndi nkhondo yolanda mzinda. Ndinkadikira kuti akuwe ndi chimwemwe. Koma ndinamva mawu ake, otsika kwambiri, akundiitana mmene timaitanira bambo kwathu kuno.

“Ada, mpando wanu uli kuti?”

Ndinayamba kulongosola za mphamvu ya moto, mmene ndimalongosolera mwini boti za pulagi yatsopano. Sanandidule. Nkhondo inayamba, ndipo kunena zoona Kondowole anaotcha adani mpaka anzathu kuimba mluzu. Ili pakati, mitambo inabwera kuchokera kunyanja, netiweki yanga n'kuduka. Itabwerera ndinapeza msilikali wanga anafa kalekale, gemu yandiponya kutali, ku mudzi woyambira. Pa mapu ndinaona njati ya mkazi wanga itaima pamalo pamene ndinagwera. Sinkamenya nkhondo, inangoima pomwepo. Kenako kadontho kake kanazima, watuluka.

Sanakalipe, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anangosiya kulowa. Ndikamufunsa ankati ntchito yachuluka. Mafoni athu anabwerera mwakale, moni wa kwathu basi: “Mwe uli?” “Nde umampha.” Ana, chinangwa, zii. Ndinkakwerabe mtunda kupita pansi pa mango paja, kulowa mu gemu, n'kupeza dzina lake lili lotuwa, kusonyeza kuti sanalowe. Palibenso ankanditcha Woberekedwa. Ndinapeza chimene ndinkafuna, koma chinali chowawa ngati chinangwa chosaviikidwa bwino. Ndinayamba kuchita mantha enieni, oti mkazi wanga ndikumutaya, ndipo ndamukankha ndi chala changa chomwe.

Che Sumani atabweranso anandipeza ndikungotembenuza sipanala m'manja. Ndinamufunsa ngati pali njira yobwezera luso lija. Anati palibe, ndipo anandiseka kuti safunsa anadya phula. Kenako anandiuza kuti popeza ndinalephera kufunsa ndisanachite, ndiyese kufunsa nditachita. Ndinazindikira kuti nthawi yonseyi ndinkapepesa ndi kufotokoza, koma sindinamufunsepo Nyalongwe chifukwa chimene anasankhira luso limenelo.

Ndinaimba. Sindinafunse za moyo. Ndinangoti andiuze za mpando uja. Iye anandifunsa ngati ndikukumbukira njinga yanga yakale, imene ndinkamukwezapo kuchokera kwawo ku Bandawe kubwera ku Chintheche tili pa chibwenzi, ine thukuta kamukamu pa zitunda koma osalola kuti atsike. Anati tsiku limene anaona luso lobereka pa mndandanda, anakumbukira njinga imeneyo, ndipo sanayang'anenso maluso ena.

“Kuno sabata imatha osamva munthu wonditchula Nyalongwe,” anatero. “Netiweki yanu ikaduka, ndinkakunyamulani, ndipo ndinkadziwa kuti simukumva. Ndiye ndinkakuuzani zonse zimene ndimaopa kukuuzani mukumva. Kuti ndatopa. Kuti ndimalira ndikaona ana a eni ake akupita kusukulu. Munali kumbuyo kwangaku, chete, ngati mukumvetsera. Ine ndinkadikira kuti iduke, Ada.”

Inu owerenga, ndine mwamuna wamkulu, wa ndevu, koma ndinalira pansi pa mango paja anthu akudutsa ndi madengu a nsomba. Chimene ine ndinkachita nacho manyazi ndicho chinkamusunga mkazi wanga kudziko la eni. Ndinamuuza kuti zimene ankanena ndili wosamva azinene tsopano ndikumva. Anayamba pang'onopang'ono, ndipo tsiku limenelo foni inatentha m'manja mpaka batire kutha.

Madzulo ake ndinatsegula khola n'kumumasula kambuku wanga. Ndinamulera nthawi yaitali ndipo ndinkamunyadira, koma khola ndi limodzi. Ndinatenga kamwana ka njati, konyansa, ka miyendo yopindika, n'kukatcha Chigwada, poti kondowole sayenda yekha. Ndinakadyetsa kuyambira nthawi ya mvula mpaka mwera utayamba kuwomba. Anzathu anaseka mpaka kutopa, ati Woberekedwa wasanduka mlezi. Nthawi yosankha maluso itakwana sindinafunse kuti champhamvu n'chiti. Ndinayamba ndi mpando wachiwiri.

Nyalongwe sindinamuuze mpaka Chigwada atakula. Ndinangomupempha kuti Lamulungu limenelo alowe, ngakhale pang'ono. Analowa, n'kundipeza ndaima pa chipata cha mzinda ndi chinjati changa, mpando wakumbuyo uli wopanda munthu. Anati iye netiweki yake siduka, safunika kuberekedwa. Ndinati akwere basi, njinga ija yabwera. Anasiya Kondowole m'khola n'kukwera.

Sitinapite patali. Titangolowa m'chigwa cha zilombo, magetsi anathima kwathu kuno, netiweki yanga n'kuduka. Woyendetsa njati ndinali ine, ndiye inangoima pakati pa adani tonse awiri tili pamsana. Itabwerera ndinapeza tafa tonse, tili limodzi ku mudzi woyambira, ndipo m'makutu mwanga munali kuseka kwa mkazi wanga, kuseka kwake kuja kofika potsokomola. Anati akanatha kudumpha n'kuthawa, koma anaona kuti si bwino kusiya dalaivala yekha. Ndinamufunsa ngati ananenapo kanthu ine ndili wosamva. Anati eya, ndipo ulendo uno anabwereza kuti ndimve.

Tikusewerabe mpaka lero, ndipo m'gulu lathu ndife otsalira pa nkhondo iliyonse. Koma sikuti zonse zinabwerera. Kondowole akadali ndi mpando umodzi ndi utsi wake m'mphuno. Nyalongwe samukwera kawirikawiri, amangomudyetsa, ndipo ndikamuona m'khola ndimadziwa kuti chimene mkazi wanga anandipangira ndi mtima wake ndinachiphwanya ndekha, ndipo sichidzabwerera.

Tsono inu amene mumasewera magemuwa, posankha maluso a nyama yanu musangofunsa kuti champhamvu n'chiti, dzifunseninso kuti mukuyenda ndi yani. Gemu ikakuchenjezani kuti chinthu sichibwerera, ikani foni pansi mukamwe madzi kaye. Mukasungitsidwa chinthu, chitani chimene mwauzidwa basi. Ndipo inu nonse, osewera ndi osasewera omwe, makamaka amuna anzanga a manja oyabwa: mukaona wokondedwa wanu wasankha chinthu chooneka chofooka, chochedwa, chopanda nzeru, musathamangire sipanala. Mufunseni kaye chifukwa chake. Mwina chimene mukufuna kuchotsacho ndi malo amene anakusungirani inuyo.