Nkhumba zatha, tsopano ndi mwendo wa achimwene

Mwaswera bwanji nonse. Ndangochoka kumene kukhola kwa achimwene, kuja agogo anayambira kuweta nkhumba nthawi ya Chitaganya. Tiana ta nkhumba tafa tonse ndi matenda otsekula m'mimba.

Adokotala a ziweto anayesa jakisoni koma sanathandize. Akuti tizilombo tinazolowera mankhwala. Nanga si achimwenewo amagula makapisozi a anthu m'masitolo a ku Old Town n'kumathira m'madeya tsiku lililonse kuti nkhumba zinenepe? Nditawaletsa anandiyankha kuti, "Iwe wamuofesi ukudziwa chiyani?"

Chandiswa mtima ndi bala la pamwendo pawo, pamene inawaluma nkhumba. Likutuluka mafinya, akumwa makapisozi omwewo koma likungokulirakulira.

Achimwenewo akukana kupita kuchipatala, akuti akwirire kaye nkhumba zawo. Abale, ndani angawalankhule? Ine sandimvera, ndipo mwendowo wayamba kununkha.